Kukatenga Glenys

Vern Tuckey anafika pachipatala cha ku Winton atakoleka chiguduli chonyowa pawindo la pikapu yake, akumwetulira ngati munthu amene watulukira nzeru yopulumutsa dziko. Pakati pa mipando anali atakhazikapo chibokosi cha madzi oundana. Anabwera kudzatenga mkazi wake Glenys kuti akadyere Khirisimasi kwawo kufamu, ndipo kwa iye nkhaniyo inali yothaitha.

Tsoka lake, tsiku limenelo pantchito panali Sisitala Mereoni, mayi wa ku Fiji, wansangala koma wosapusitsika. Anatuluka panja n'kuizungulira galimoto ija mosafulumira, kenako n'kutsina chiguduli chija ndi zala ziwiri.

"Bambo Tuckey, ichi ndiye chiyani?"

"Choziziritsira, Sisitala. Mphepo ikadutsa pachiguduli chonyowa imalowa yozizira bwinobwino. Mayi anga anatilera ndi nzeru imeneyi. Batala sankasungunuka n'komwe."

"Akazi anu si batala."

Sisitala analowa kutsogolo, n'kuliza injini, n'kudina batani la eyakoni, makina oziziritsa m'galimoto. M'timabowo ta mphepo munatuluka fumbi, phiko louma la dzombe, ndi mpweya wotentha ngati wa mu uvuni.

"Inafa liti imeneyi?"

"Aa, posachedwapa."

"Bodza!" Mawuwo anachokera pakhonde la chipatala, pomwe Glenys anakhala pampando wamatayala, chikwama chili kale pamiyendo. "Musamumvere ameneyo, Sisitala. Inafa chaka cha dzombe. Ndamuimbira nyimbo imeneyi mpaka mawu kunditha, iye amvekere, 'Tsegula windo, mphepo ya Mulungu ndi yaulere.'"

Ndipotu Glenys sananame. Amuna a kuno kwathu, makamaka a msinkhu wa Vern, ndi ouma mitu zedi. Kwa iwo eyakoni ndi ya anthu a m'tauni ndi alendo odzaona malo. Mwamuna weniweni ati amayendetsa windo lili pululu, chigongono panja, mpaka mkono wakumanja kuda n'kukwinyika ngati nyama yowamba, wakumanzere uli mbee. Amachita kunyadira zimenezo, anthu osamvawa! Koma pakadafunda padajiwitsa, ndipo tsiku limenelo Vern zinamupeza.

Sisitala anatsika n'kumukokera pambali.

"Bambo Tuckey, sikuti ndikukuzunzani dala. Mtima wa akazi anu watopa, mukudziwa. Mwati kunyumba chipinda chawo chimazizira, chabwino. Koma ulendo wanu ndi wa theka la tsiku, m'dzuwa loswa mtengoli. Mukawaika m'chitini chotenthachi, kunyumbako sakafika amoyo. Mubwere nayo ikuzizira, ndiike dzanja langa apa ndimve ndekha, ndikupatsani akazi anu. Zikakanika, Khirisimasi adyera nafe konkuno."

Vern anapita pakhonde n'kunjuta pafupi ndi mpando uja, mawondo akulira. Glenys anali atatha, mphete inkachita kugwedera pachala.

"Usandiyang'ane ngati nkhosa yodwala," anatero Glenys. "Zimene adokotala anakuuza iwe, inenso anandiuza. Khirisimasi ina mwina sindidzaiona. Sindikufuna zambiri, Vern. Ndikufuna ndikagone pabedi langa, m'mawa andidzutse akhwangwala a kwathu. Kuno amatidzutsa ndi mapiritsi."

"Ndibwera nayo ikuzizira."

"Iweyo? Munthu woti unakonza wailesi yanga mpaka kufuka utsi?"

"Inali yakale."

"Nawenso ndiwe wakale. Pita, usandichedwetse."

Sisitala atafuna kumulandira chikwama kuti akabwezere zovala m'kabati, Glenys anachikumbatira. Anati chikhale chomangamanga chomwecho.

Vern anadzera kugalaja, koma makaniko anali atatseka, wapita kunyanja ndi ana ake, wobwerera chaka chatsopano chitalowa. Wogulitsa zitsulo anangopukusa mutu: galimoto yakale chonchi, chilichonse n'choitanitsa kutali kumzinda wa Brisbane, ndipo chikafika Khirisimasi itaiwalika. Vern anabwerera kufamu yekha, chiguduli chija chitauma gwa asanatuluke n'komwe m'tauni.

M'mawa mwake anaimika pikapu pamthunzi, n'kutsegula boneti, n'kuyang'ana mkati ngati akuyembekeza kuti injini iyamba yokha kufotokoza. Injini za mipope amazidziwa, mathirakitala amawadziwa, koma mapaipi a eyakoni anali asanawakhudzepo chibadwire. Anatenga ovaova, wailesi yolankhulirana, n'kuitana Clarrie Moffat, mnzake wa pa unyamata, woyandikana naye famu, ngakhale kuyandikana kwa kuno n'koti ukati upite wapansi ungafere panjira.

"Clarrie, uli moyo?"

"Ndinali moyo usanandiitane. Wafuna kubwereka chiyani?"

"Nzeru. Eyakoni yanga sikugwira."

Clarrie anaseka mpaka kutsokomola. "Anthuni, mwamva? Vern Tuckey akufuna eyakoni! Mawa timva kuti wayamba kudzola mafuta onunkhira."

"Ndi ya Glenys. Popanda imeneyi sandipatsa."

Kuseka kunathera pomwepo. Kuno ovaova ilibe chinsinsi. Ukalankhula ndi munthu mmodzi, dera lonse limamvera, amayi m'makhitchini, anyamata pamipope ya madzi, ndipo aliyense ankamudziwa Glenys ndi matenda ake.

"Chabwino, aise," anatero Clarrie. "Tiyambe ndi zosavuta. Fyuzi waiona?"

Fyuzi inali yamoyo. Lamba anali wolimba. Kutsogolo kwa injini, pazisa zopitira mphepo, Vern anapeza njere za udzu ndi mitembo ya dzombe zitamatana ngati chikumba. Anatsuka ndi paipi ya madzi mpaka kuwala kuyamba kudutsa, n'kuliza injini. Mphepo inatuluka yotentha chimodzimodzi.

"Gasi alimo?" anafunsa Clarrie. "Pali kachivindikiro papaipi yonenepayo. Tsegula, ukhudze kansonga kali mkatimo. Kungokhudza, Vern, osati kukama ngati ng'ombe."

Kansonga kanalira kuti tsii.

"Alimo! Ndiye mwayi ulipo. Tsopano dina batani, utchere khutu kukompuresa. Ikuyenera kulira kuti tha."

Vern anadina, n'kuthamangira kutsogolo, n'kubwerera, n'kudinanso. Zii. Anatenga waya kuchokera kubatire n'kugunditsa pomwe Clarrie anamuuza. Zii. Ataweramira pafupi anamva kafungo ka chinthu chimene chinapsa kalekale.

"Basi, taupeza mfiti," anatero Clarrie. "Koyilo inapsa. Ndi kamaginito kozungulira, kali kuseri kwa gudumu la lamba. Kakalandira moto kamakoka mbale yakutsogoloyo kuti kompuresa iyambe kuzungulira. Ukapeza ina umangosintha, mapaipi osawakhudza, gasi osathawa. Pita kumanda ukafufuze."

Famu iliyonse kuno ili ndi manda ake a magalimoto kuseri kwa mashedi, ndipo palibe munthu wamutu wake amene amagula chitsulo chatsopano mtembo wina uli nacho. Galimoto ikafa imadyetsa zinzake mpaka kutsala mafupa. Vern anakhala kumeneko mpaka dzuwa kufika paliwombo, akutsegula maboneti otentha, akugogoda kaye kuopa njoka, ntchentche zili ng'waa kumaso. Magalimoto ambiri anali a nthawi imene eyakoni kunalibe. Imodzi yokha inali ndi kompuresa, koma koyilo yake inali yaikulu ngati mbale ya galu.

Atanena zimenezi pa ovaova, dera lonse linalowerera. Wina anati ali nayo ya thirakitala. Mayi wina anatuma mwamuna wake kukagwada pansi pa lole yawo yakufa. Ankatchulirana mitundu ya magalimoto ndi zaka zake, koma yogwirizana ndi ya Vern inasowa. Mawu anayamba kuchepa amodziamodzi, mpaka kunatsala Clarrie yekha.

"Vern," anatero, mawu atatsika. "Ukudziwa komwe kuli ina."

Ovaova inangoti zii. 

Vern ankadziwa, ndipo anadziwa kuyambira pomwe Clarrie anatchula koyilo. M'shedi yaing'ono, pansi pa lona, munali pikapu ya mwana wawo Darcy. Chaka china ng'ombe zitagulidwa bwino, bambo ndi mwana anakagula magalimoto ofanana tsiku limodzi, n'kubwera akupikisana pamsewu ngati ana. Darcy anali mwana wawo yekhayo. Anagwa ndi helikopita akukusa ng'ombe, n'kumwalira asanakwatire n'komwe. Kuchokera tsiku la maliro Glenys analamula kuti galimoto imeneyo isapite kumanda, isagulitsidwe, ndipo pasapezeke munthu wochotsapo ngakhale kanati kamodzi. Lamulungu lililonse ankapita yekha, n'kukweza lona, n'kukhala kumpando wa wokwera kanthawi, chitseko chotseka. Mnyamata wina waganyu anayesapo kubwerekako jeke, ndipo anachoka pafamupo tsiku lomwelo. Vern mwiniwake, tayala litamuphulikira pakati pa chilala, analolera kuyenda ndi lachigamba kusiyana n'kupempha la m'shedimo.

Kungoitenga galimotoyo n'kukatengera Glenys sikukanatheka. Matayala anali ataphwa n'kung'aluka, makoswe atadya mawaya, injini itauma. Chamoyo chimene chinatsalamo mwina chinali koyilo yomweyo.

"Glenys andipha," anatero Vern.

"Akuphe ali kunyumba," anayankha Clarrie. "Walira mvula walira matope, aise."

Vern anazimitsa ovaova. Analowa m'nyumba n'kuwiritsa tiyi, koma anamusiya patebulo mpaka kuzizira. Ankaopa, tinene zoona. Sankaopa kukalipiridwa, poti kukalipa kwa Glenys anakuzolowera ngati mchere m'ndiwo. Ankaopa kuti mkazi amene watsala ndi masiku ochepa amuyang'ana ngati wakuba wofukula manda a mwana wake, n'kupita osamukhululukira. Koma akayang'ana kuchipinda, bedi lili loyalayala, mapilo awiri, ankaona chikwama chija pamiyendo yowonda. Anatenga bokosi la masipanala.

M'shedi munali mdima ndi fungo la fumbi. Anakweza lona kutsogolo kokha. Kuti atsegule boneti anayenera kutsegula chitseko cha dalaivala n'kukoka kachitsulo ka pansi pa chiwongolero, ndipo anachita zimenezo nkhope atatembenuzira kumbali. Komabe diso linaba. Chipewa cha Darcy chinali pampando pomwe anachisiya.

"Ndine, mwana wanga," anatero Vern, mawu akusasa. "Sindikhalitsa. Mayi ako akufuna kubwera kunyumba."

Ntchitoyo inamuvuta kuposa momwe Clarrie anaifotokozera, monga zimakhalira ndi ntchito zofotokozedwa ndi munthu amene wakhala pampando. Lamba anachoka bwino. Bawuti lapakati linakana, mbale ikungozungulira nalo limodzi, mpaka anaimanga ndi lamba wa thalauza lake, thalauzalo likutsetsereka. Kuseri kwa mbale kunali tiwashala topyapyala, ndipo anatiika m'kamwa kuti tisatayike. Kenako panali kamphete kachitsulo kogwira gudumu. Atakapana ndi pulayazi kanadumpha kuti psiti, n'kulowa m'fumbi. Bambo wamkulu uja anakwawa pansi ngati mwana, akusefa dothi ndi zala, akutukwana ndi milomo yotseka chifukwa cha tiwashala tija. Atakapeza anaseka yekha, n'kuzindikira kuti aka kanali koyamba kuseka m'shedi imeneyo chimwalirire Darcy.

Koyilo inatuluka yoyera, yosapsa, waya wake makoswe atausiya. Vern anaipukuta ndi malaya.

Pagalimoto yake ntchito inayenda msanga, poti manja anali ataphunzira. Anayatsanso ovaova kuti afunse za mpata wa pakati pa mbale ndi gudumu.

"Ukhale wongolowa chivindikiro cha chitini cha nsomba," anatero Clarrie. Za komwe koyilo yachokera sanafunse, ndipo panalibe wina anafunsa.

Vern anadya nsomba za m'chitini ataimirira, n'kupukuta chivindikiro, n'kuyeza. Anachotsa kawashala kamodzi, n'kuyezanso. Anabwezera lamba, n'kuliza injini, n'kuika cholankhulira cha ovaova pafupi ndi kompuresa, waya wake atakokeka mpaka kumapeto. Ndi ndodo ya tsache anadina batani kudzera pawindo.

Tha!

Ovaova inaphulika ndi chisangalalo. Wina ankaimba mluzu, mayi uja ankakuwa kuti, "Yagwira! Yagwira!" Clarrie amvekere, "Ikuzizira koma? Kulira si kuzizira, nkhalamba iwe!" Vern analowa n'kutseka mawindo onse, chinthu chimene anali asanachitepo m'galimoto imeneyo. Mphepo inayamba yofunda, kenako yabwinoko, kenako thukuta la pamsana linamuzizira mpaka tsemwe.

"Ikuzizira," anatero. 

Asanakasambe anabwerera kushedi ndi koyilo yakupsa ija, ndipo anakhalako nthawi ndithu.

Tsiku lokatenga Glenys, Sisitala Mereoni analowa m'galimoto, n'kutseka chitseko, n'kuika dzanja pakabowo ka mphepo. Anakhala choncho, Vern ali panja akupotokola chipewa. Kenako anatsitsa windo.

"Bambo Tuckey, chiguduli chija mwachisiya kuti? Ndimafuna ndifunde."

Onse awiri anamunyamula Glenys n'kumukhazika bwino ndi mapilo. Sisitala anapereka mankhwala ndi malangizo ake, n'kumupsompsona Glenys pachipumi. Atatuluka m'tauni, Glenys anayamba ntchito yake yakale: Vern akuthamanga kwambiri, Vern sanamete bwino, malaya amenewo ndi oyenera kupukutira injini. Vern ankangovomera, mtima uli m'malere. Koma phula litatha n'kuyamba msewu wafumbi, Glenys anakhala chete, maso ali patimabowo ta mphepo. Vern anayamba kulankhula za mitengo ya ng'ombe, za mpope umene ukudontha, za mwendo wa Clarrie. 

Anafika pageti loyamba la famu yawo. Zaka zonse wotsika kukatsegula anali Glenys, poti kuno ndi ntchito ya wokwera. Ulendo uno Vern anatsika yekha, n'kutsegula, n'kulowetsa galimoto, n'kutsikanso kukatseka. Atabwerera n'kugwira giya, Glenys anaika dzanja lake pamwamba pa dzanja lake.

"Taima kaye. Galaja ndi yotseka, Sisitala anandiuza. Ya Clarrie ndi ya mtundu wina. Kumanda kwathu ndimakudziwa kuposa iwe, kulibe yofanana ndi ino. Chinafa n'chiyani?"

"Koyilo."

"Ina waitenga kuti?"

Vern anayang'ana kutsogolo. Bodza linalipo pafupi, lakuti wina wa pa ovaova anamupatsa, ndipo dera lonse likanamuikira kumbuyo mpaka kufa. Koma mkazi ameneyu anali asanamunamizepo pa chinthu chachikulu.

"M'shedi yaing'ono."

Glenys anachotsa dzanja lake. Injini inkalira, mphepo ikuuzira, panja dzuwa likuvina pamwamba pa udzu wouma. 

"Unalowa mkati?"

"Ndinangotsegula chitseko kuti ndikoke boneti. Chipewa sindinachikhudze. Lona ndabwezera momwe unasiyira."

"Ndiye mwana wanga wamusiya ndi chibowo."

"Ayi. Ndamuikira yanga yakupsa ija. Ndamanga zonse, lamba, mabawuti, tiwashala tonse. Palibe chikusowa. Tangosinthana."

"Mwasinthana." Glenys anatembenuka n'kumuyang'ana. "Iwe watenga yamoyo, iye wamupatsa yakupsa."

"Eya."

"Wakuba iwe! Kubera mwana wako yemwe!" Mawu anali okalipa, koma chimene chinatuluka chinali kuseka kosakanikirana ndi kulira, mpaka Vern anachita mantha n'kuyamba kufufuza botolo la mankhwala. Glenys anamumenya padzanja. "Tasiya, sindikufa lero."

 Kenako anatambasula dzanja lowonda lija, n'kutembenuza kabowo ka mphepo kuti kaloze kumaso kwake, n'kutsinzina. Tsitsi lake loyera linkagwedezeka pachipumi.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukakhala m'galimoto ija," anatero chapansipansi. "Ndinkati mwina ndimva kanthu. Munali fumbi lokhalokha, Vern. Sindinakuuzepo, koma munali fumbi lokhalokha." Anakoka mpweya wozizirawo mpaka m'chifuwa. "Lero ndiye wabwera kudzanditenga mwana wanga."

Vern anatembenukira kutsogolo. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, msewu osauona.

"Pukuta m'maso, nkhalamba iwe, ungatigwetsere m'ngalande," anatero Glenys, osatsegula maso. "Ndipo kweza mphepoyo. Tiye kwathu."